Dzenje la Mmisiri

Mitengo itatu ya mapeyala ndinaibzala patapita miyezi inayi mkazi wanga atamwalira.

Anaipempha kwa zaka makumi atatu. Khonde lathu limayang'ana kolowera dzuwa, ndipo masana simenti yake imawotcha mapazi. Iye ankati, "Bambo a mwana, mthunzi." Ine ndinkati, "Mizu." Ndine mmisiri womanga nyumba. Ndinaona ndi maso anga zimene mizu imachita ndi maziko. Nkhani inkathera pomwepo, iye n'kunyamula mpando wake kupita nawo kuseri kwa nyumba.

Atapita, tsiku lina ndinakhala pakhondepo ndekha mpaka dzuwa linandiwotcha maondo. M'mawa mwake ndinapita kunazale.

Mwana tili naye mmodzi, wamkazi, namwino. Amakhala kutali, ulendo wa basi wa tsiku lathunthu, m'nyumba zosanjikizana zija zopanda bwalo. Anali atandikonzera kale chipinda, bedi ndi katani yemwe. Anabwera kudzanditenga, n'kundipeza ndili m'dzenje mpaka m'chiuno.

"Bambo, mukukumba chiyani?"

"Maenje."

"Maso ndili nawo. A chiyani?"

Ndinaloza mbande zitatu zimene zinali m'timapepala takuda pafupi ndi khoma.

"Inu? Mitengo? Inu amene munazula duwa la amayi chifukwa linayandikira khoma?"

"Linayandikira."

Analowa m'nyumba. Ndinamva akutsegula kabati, akuvundukula mapoto. Anatuluka atanyamula buledi wouma ngati njerwa.

"Uyu ndi wodya kapena womangira? Bambo, nokha simungathe. Mukudzisamala chonchi, ndiye muzasamala mitengo?"

Ndinaponya fosholo ina ya dothi kunja.

"Chabwino, tipangane. Ndibweranso mwezi ngati uno chaka chamawa. Ndikapeza umodzi wokha uli moyo, ndikusiyani m'nyumba mwanu, sindidzakuvutaninso. Ndikapeza yonse yauma, mukulongedza, tikupita. Mwamva?"

Ndinagwedeza mutu. Pa ntchito yanga yonse sindinasainepo pepala. Ndikagwedeza mutu, nyumba inkamangidwa.

"Ndamva ine, ndine mboni!" Awo anali alamu anga, mng'ono wake wa malemu, ataima pampanda ndi beseni pamutu. Amakhala nyumba yachitatu kuchokera kwanga, ndipo amachapa zovala za anthu. Mboni yoteroyo siisunga nkhani. Dzuwa lisanalowe, msewu wonse unali utadziwa kuti ndakhalira mitengo itatu.

Mayi wa kunazale analankhula zambiri pondipatsa mbande zija. Anati dzenje likhale lalikulu. Anati madzi ndizithira ambiri koma kamodzi pa sabata, kuti mizu izipita pansi kukawafuna, osati kuwaza pamwamba tsiku ndi tsiku ngati ndikuthirira masamba. Anati ndiphimbe ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde. Anatinso zina za chala, kuti ndizipisa m'dothi ndisanathire. Pamenepo n'kuti ndayamba kale kuganiza za dzenje.

Dzenje ndimalidziwa. Ndinayeza ndi tepi, mita imodzi uku, mita imodzi uku. Ngodya zonse zinayi ndinaziwongola ndi chingwe. Dothi lapakhomo panga ndi dongo lofiira, lomata, ndiye makoma a dzenje ndinawasalaza ndi mpeni womangira mpaka ananyezimira, n'kuikapo levulo, choyezera kuwongoka kwa khoma. Pansi ndinatsendera ndi chitsulo monga ndimachitira ndisanathire maziko. Chinthu chikakhala pa nthaka yolimba sichititimira. Ndinaphunzira zimenezo ndisanamere ndevu.

Moyang'anizana ndi nyumba yanga muli kashopu ka wometa tsitsi. Mwini wake pakamwa sipatseka. Amanditcha a Wailesi, poti ine sindilankhulalankhula. Anawoloka msewu, sizasi ili m'manja, n'kusuzumira m'dzenje.

"Aaa, a Wailesi! Apa pangotsala chitseko ndi windo basi. Ndibweretse mphasa? Lendi ndi zingati?"

"Sunthani."

"Tsitsaniko mawu, akulu, makasitomala anga akudandaula phokoso."

M'mbali mwa mtengo uliwonse ndinakwirira paipi, kamwa lake lokha likuonekera, kuti madzi azifika kumizu osatayika. Ndinazika zikhomo, n'kumanga mpanda wa waya chifukwa cha mbuzi za kumsika. Lamulungu lililonse m'mamawa, anthu asanatsegule zitseko, ndinkathira ndowa imodzi m'paipi iliyonse n'kulemba mzera pakalendala. Pamwamba pankakhala pouma, udzu uli gwa. Ntchito inali yaukhondo.

Woyamba unayamba kufota mwezi wachinayi. Masamba anawerama ngati makutu a galu wokalipidwa, kenako anachita chikasu, nsonga zake n'kupsa. Ndinati ndi ludzu. Ndinawonjezera ndowa yachiwiri. Unafa msanga.

"Watsala awiri, alamu," anatero alamu anga podutsa. "Ndiyambe kukuchapirani mabulangeti a pa ulendo?"

Wachiwiri unapirira mpaka mwezi wachisanu ndi chiwiri, nawo unawerama chimodzimodzi. Ndinayang'ana chiswe, panalibe. Ndinayang'ana kuseri kwa masamba, kunalibe kachilombo. Ndinasintha udzu. Unafa.

Wometa uja sanaseke tsiku limenelo. Anandikhazika pabenchi lake la panja, pamene ndimakhala madzulo aliwonse iye akulankhula, n'kundifotokozera nkhani yaitali ya msuweni wake amene anasamukira kwa mwana wake.

"Anamuika pamwamba penipeni, a Wailesi. Nkhuku osaiona, galu osamumva. Amangoyang'ana madenga a anthu. Inu mungathe zimenezo? Inu mungayambe kuyeza makoma a eni ake ndi levulo mpaka akuthamangitseni."

"Mm."

"Mwaonatu, nanunso mukuvomereza."

Wachitatu, wa pafupi ndi geti, ndiwo unali wamphamvu. Unafika pachifuwa panga. Koma patatsala miyezi iwiri kuti mwana abwere, nawo masamba anayamba kuwerama.

Ndinakhala pakhonde ndikuuyang'ana tsiku lonse. Chipinda cha pamwamba chija ndinkachiona m'maso. M'nyumba muno njerwa iliyonse ndinaiika ndekha, ndipo pachitseko cha kukhitchini pali malo amene penti inatha chifukwa cha dzanja la mkazi wanga. Zimenezo sizilowa m'basi.

Apo ndi pamene ndinakumbukira za chala. Kwa miyezi khumi ndinali ndisanachitepo, popeza kalendala ndinali nayo. Ndinagwada, ndinakankha udzu, n'kupisa chala. Chinalowa mosavuta ngati m'phala. Linali Lachisanu, ine ndinathira Lamulungu, ndipo mvula inali italeka kalekale. Ndinanunkhiza chalacho. Sopo. Nditachiyang'anitsitsa, panali timatsitsi takuda, tatifupi, tometedwa bwino.

Ine dazi linandipeza mwana wathu asanayambe sukulu.

M'mawa uliwonse ndimatuluka kukagula buledi, kenako ndimakhala pamwala pafupi ndi pamene akumanga sitolo yatsopano, kuonerera amisiri a masiku ano akupotoza makoma. Ndimabwerako masana. Loweruka limenelo ndinatuluka pageti ngati kale, chipewa kumutu, ndinakhota pangodya, n'kubwerera ndi kanjira ka kuseri. Ndinalowera khomo la kukhitchini, ndinakoka mpando, n'kukhala kuseri kwa katani wa pabalaza.

Sipanapite nthawi. Wometa anasuzumira uku ndi uku, anawoloka msewu ndi ndowa yodzadza, thovu likutayikira m'mbali. Geti langa analitsegula mwaluso, molinyamula pang'ono kuti lisalire. Zinaoneka kuti sikanali koyamba.

"Imwa, mphwanga," anauza mtengo. "Bambo akowa amaumira madzi ngati mmene amaumirira mawu. Kamodzi pa sabata, ngati kusamba kwa mlesi! Taona mmene wafookera. Imwa. Ukafa iwe, ine ndizilankhula ndi ndani? Makasitomala amayankha, amandidula pakamwa."

Anakhuthula ndowa yonse, n'kubwezera udzu pamwamba bwinobwino.

Atangolowa m'shopu mwake, anatulukira alamu anga ndi beseni lalikulu lija, madzi otsukulutsira zovala. Anatula, anapuma, n'kugwira tsamba limodzi.

"Iwe, usandichititse manyazi. Achemwali anakulira zaka makumi atatu, lero wabwera ndiye ukufuna kuthawa? Anzako aja anali opusa. Munthuyu chisoni chamusokoneza mutu, waiwala kuti mtengo umamwa. Koma ine ndilipo."

Anathira. Madzi anasefukira mpaka pageti. Nawo anabwezera udzu.

Cha m'ma teni koloko kunabwera a telala a pangodya, nkhalamba yowonda imene ndapatsana nayo moni wa mutu kwa zaka zambiri. Anabwera ndi ketulo. Sanalankhule. Anathira, anagwedezera mtengo mutu, n'kumapita. Amenewo ndinawalemekeza.

Dzuwa lili pamutu, wometa anabweranso ndi ndowa ina.

Ndinafuna kukwiya. Ndinaufunafuna mkwiyowo m'chifuwa, osaupeza bwino. Ndinakhalabe kuseri kwa katani mpaka mwendo unachita dzanzi.

Komabe china chake sichinkandikhalira. Ndowa zitatu kapena zinayi pa tsiku n'zambiri, inde, koma nthaka imamwa. Ndinaonapo mipopi ikudontha chaka chonse pansi pa mitengo, mitengoyo n'kumasangalala. Ndinatenga fosholo n'kupita pamene panafera mtengo wachiwiri. Chitsa chinazuka ndi dzanja limodzi. Mizu inali yakuda, yoterera, yonunkha ngati ngalande, ndipo yonse inazungulira m'kati ngati yafika pakhoma n'kubwerera. Ndinakumbabe. Pofika m'maondo, fosholo inachita phuvu. Madzi. Miyezi itatu mtengo utafa, madzi anali akadali momwemo.

Ndinakapa ndi chitini mpaka makoma anaoneka. Anali osalala monga tsiku limene ndinawasiya. Ngodya zili nji. Panalibe mng'alu ngakhale umodzi, panalibe muzu ndi umodzi womwe umene unadutsa.

Ndamanga mathanki ambiri pa moyo wanga. Abwino kuposa onse anali atatu amenewa.

Madzulo ndinawaitana. Kuitana kwake ndinangoima pakati pa msewu n'kukodola, ndipo poti sizinachitikepo, onse atatu anabwera msanga. Wometa anasiya munthu mutu uli theka.

"Kwagwanji, a Wailesi? Mukukwatira?"

Ndinawaimika pafupi ndi mtengo. Mawu ndinali nditawakonza masana onse.

"Musathirire."

Aliyense anayang'ana kumbali.

"Ndani akuthirira?" anafunsa alamu, akuyang'ana kumwamba.

"Zoona, ndani?" anatero wometa. "Anthu ena alibe ulemu. Kulowa pakhomo pa munthu!"

Ndinapisa chala m'dothi, n'kuchionetsa kwa wometa, timatsitsi tili pomwepo. Kenako ndinachifikitsa pamphuno pa alamu.

"Sopo ameneyu si wanga," anatero alamu. "Wanga ndi wa buluu... Iii! Kani inunso, abambo inu?"

"Ine kawiri kokha pa tsiku, mayi. Inu?"

"Beseni limodzi. Lolemba awiri, chifukwa cha mashiti a asing'anga a mano."

A telala anakweza chala chimodzi, kenako anaganiza, n'kukweza chachiwiri.

"Ndiye mukutanthauza kuti tinaipha ndife?" Mawu a alamu anatsika. "Ifetu timati yafota ndi ludzu. Pamwamba pouma gwa, inu osaoneka ndi ndowa. Mukanangonena, alamu. Pakamwa muli napo, pakudya timapaona."

Ndikanatha kusiyira pomwepo. Onse atatu anali atazyolika, mlandu utawakwana bwino ngati suti ya a telala. Koma alamu anga maso awo sakhala malo amodzi. Anaona mulu wa dothi, anapita, n'kusuzumira m'dzenje lija. Pansi pake madzi anali atayambanso kusonkhana.

"Alamu. Ichi n'chiyani? Chitsime?"

"Dzenje."

"Dzenje la mtengo lopaka pulasitala? Tabwerani muone, anthuni! Ine beseni langa limadontha, ili ayi. Madzi athu akanapita kuti muno? Ngakhale mvula yokha ikanawamiza anawa." Anatembenuka, manja m'chiuno. "Tanenani."

"Dongo," ndinatero.

"Dongo lili pakhomo pa aliyense. Kwanga kuli mapapaya, akubereka. Tanenani, alamu. Sitichoka."

Wometa anakhala pansi pa njerwa, n'kupinda miyendo ngati munthu amene wagula tikiti.

Ndinayang'ana mtengo. Ndinayang'ana geti. Kunalibe kothawira.

"Ndinalakwitsa."

Alamu anawomba m'manja kamodzi. "Abambo inu, muli ndi choko kushopu? Lembani tsiku la lero pakhoma. Achemwali anadikira mawu amenewa kuyambira tsiku la ukwati mpaka anatopa. Akanadziwa kuti ofunika ndi mapeyala!"

Anaseka mpaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Anapukuta nthawi yaitali kuposa mmene kusekako kunafunira. Ine ndinapita kukatenga piki.

M'mawa mwake, kusanatenthe, tinauzula. Ndinakumba mozungulira patali, tinalowetsa thumba pansi, ine ndi wometa tinanyamula mtengo ndi dothi lake lomwe n'kuugoneka pamthunzi wa khoma. Theka la mizu linali litawola. Ina inali yoyera, yolimba, koma yochepa. Ndinatsuka sizasi yakale ya wometa m'madzi owira n'kumupatsa.

"Zakuda zokha."

"Sitayilo yanji, bwana? Tichotse m'mbali, pamwamba tisiye?"

Koma anadula mosamala, lilime lili panja, ndipo kwa mphindi khumi zathunthu sanalankhule. A telala anayang'ana wotchi yawo kawiri.

Kenako ndinalowa m'dzenje ndi piki. Kugumula khoma la mnzako n'kosavuta. Lako lomwe, lowongoka, lopanda chilema, dzanja limakana. Ndinatseka maso pomenya koyamba. Ndinaswa mbali zonse zinayi, ndinaboola pansi mpaka ndinadutsa pamene ndinatsendera, ndinakumba kangalande kotulutsa madzi kupita kumsewu. Dzenje linatsala lonyansa, lopanda ngodya, ngati lakumbidwa ndi nkhumba.

"Eya," anatero alamu. "Tsopano likuoneka ngati la munthu."

Tinalikwirira lonse ndi dothi louma losakaniza ndi manyowa akale, n'kuunjika kachulu kofika m'maondo. Mtengo tinaukhazika pamwamba pa kachuluko, khosi lake lili poyera, kuti madzi azitsika n'kuusiya. Paipi ndinaitaya. Nthambi zina ndinadula, poti mizu yotsalayo sikanatha kudyetsa masamba onse. A telala anabwera ndi timizere ta nsalu yofewa, tinamangira tsinde kuchikhomo momasuka, kuti lizigwedezeka ndi mphepo koma lisagwe. Kumbali ya dzuwa la masana ndinakhoma thumba pamitengo iwiri likhale chotchinga.

Vuto linatsala la anthu. Munthu amene wazolowera kuchita chifundo mobisa, kumuletsa ndi ntchito. Tsiku lachitatu ndinapeza wometa pageti ndi kapu.

"Kakapu kokha, a Wailesi. Kongonyowetsa kukhosi."

Ndiye ndinaika lamulo. Wofuna kuthira ayambe wapisa chala m'dothi mpaka chonse chilowe, abwere andionetse. Chikatuluka ndi dothi lomata, abwerere ndi madzi ake. Chikatuluka chouma, athire ndowa imodzi, ya madzi oyera, pang'onopang'ono, kutali ndi tsinde.

Kuyambira pamenepo sindinapitenso kukaonerera makoma opotoka. M'mawa uliwonse pakhonde panga pankafika anthu atakweza chala ngati ana a sukulu.

"Chauma ichi, alamu, taonani."

"Mwapukuta."

"Ndapukuta pati?"

Ndinaloza nsalu yawo. Panali mzera wofiira wa dongo.

Poti afika kale, ankakhala. Alamu anayamba kubwera ndi tiyi m'fulasiki, ati wanga amakoma ngati madzi otsukira mpeni womangira. Buledi sankaumanso, ankatha.

Mtengo wokha sunathokoze. Sabata yoyamba unagwetsa masamba asanu. Yachiwiri unagwetsa otsala. Pofika sabata yachinayi panali ndodo yomangidwa ndi nsalu ya maluwa, itaima pachulu, nsonga yake ikuda.

Patatsala masiku anayi kuti mwana afike, alamu ndi wometa anabwera limodzi, akuyenda ngati anthu amene agwirizana kale. Wometa ananyamula chinthu chokutidwa ndi chinsalu chometera. Anavundukula. Mbande ya peyala, yaitali bwino, masamba obiriwira ngati apakidwa mafuta.

"Tamverani kaye musanayankhe," anatero wometa, ngati ine ndinayamba ndamudulapo. "Tizula ndodoyi, tiika uwu. Mtengo ndi mtengo. Mwana wanu ndi namwino wa anthu, nkhope za mitengo sazidziwa."

"Mboni ndine," anatero alamu, "ndipo mboni sinaone kanthu."

"Ayi."

"Alamu, mukupita pamwamba paja. Mukudziwa? Kulibe khonde, kulibe ife."

"Ndinagwedeza mutu."

"Mutu womwewo ndi umene unakumba thanki!"

"Kabzaleni kwanu," ndinatero. Ndinaganiza pang'ono, n'kuwonjezera, "Dzenje lonyansa."

Anachoka akung'ung'udza. Ndinamva alamu akuuza wometa kuti achemwali awo anali mngelo, munthu wamba sakanatha.

Mwana anafika Loweruka masana. Anatsika pa takisi ndi chikwama chaching'ono ndi mtolo wa makatoni opinda, omanga ndi chingwe. Nkhani ya mitengo iwiri inali itamufika kale, ndipo wina anali atamuuzanso za wachitatu. Anandigwira dzanja, anandiyang'ana m'maso ndi m'khosi monga amachitira ndi odwala ake.

"Mwanenepako," anatero modabwa.

"Tiyi," anatero alamu kumbuyo kwake. Anali atafika kale, pamodzi ndi wometa ndi a telala, onse ataima m'mbali mwa mpanda ngati akudikira zotsatira za mayeso.

Mwana anatula makatoni n'kuzungulira kachulu kaja.

"Bambo, iyi ndi ndodo."

"Mtengo."

"Uli ndi masamba angati?"

"Ukupuma," anatero wometa. "Wadwala, wachitidwa opaleshoni. Dokotala wake ndine. Inu anamwino mukudziwa, munthu akachoka kufiyeta savina tsiku lomwelo."

"Amalume, ine odwala ndimawadziwa. Ndimadziwanso amene tawaphimba kale nsalu." Anatembenukira kwa alamu. "Amayi aang'ono, mboni ndinu. Tinapangana chiyani?"

Alamu anayang'ana pansi. "Umodzi uli moyo."

"Chabwino."

Anagwira nsonga ya ndodo ija n'kuipinda. Inathyoka, thyo, youma. Anatsika pang'ono, anakanda khungwa ndi chikhadabo. Kunsi kwake kunali kofiirira, kouma ngati chikuni. Anatsikanso chikhatho chimodzi, anakanda. Chimodzimodzi. A telala anavula chipewa.

Ine ndinayamba kuwerenga m'mutu zimene zingalowe m'makatoni aja. Levulo siikanalowa, ndi yaitali.

Mwana anagwada, diresi lake loyera lili padothi, n'kukanda m'munsi, pamwamba pang'ono pa nsalu ya a telala. Anakandanso pambali pake, pang'ono zedi. Kenako anasuntha mutu kuti ndione.

Pansi pa khungwa panali pobiriwira, ponyowa.

"Wamoyo!" anakuwa wometa. "Lembani, anamwino, lembani!"

"Ali moyo," anatero mwana pang'onopang'ono, "koma wodwala wotere ife sitimutulutsa m'chipatala. Angathe kutisiya mwezi wamawa."

"Unati wamoyo," ndinatero. "Sunati wonenepa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ali ndi maso a mayi ake, amene amakuwerenga ngakhale utatseka buku. Kenako anayang'ana anthu atatu aja, ndi makapu anayi amene anali pakhonde, ndi fulasiki.

"Ndipo ukafa mwezi wamawa?"

"Ndibzala wina."

"M'dzenje lonyansa," anatero alamu. "Aphunzira. Ananena okha ndi pakamwa pawo kuti analakwitsa. Tsiku lake lili pakhoma la shopu, ukaone."

"Bambo anatero? Bambo awa?" Anaimirira, akusasa dothi m'maondo. "Ndiye ine ndimachedwa ndi odwala kutali, zodabwitsa zikuchitikira kuno."

Anatenga ndowa imene inali pafupi ndi geti, n'kuyamba kulowera kumpopi. "Dikirani ndimuthirireko wodwalayu, ndisanapume."

"Chala!" anakuwa onse atatu pamodzi, ndi a telala omwe.

Mwana anaima, ndowa ili m'manja, osamvetsa. Alamu anamugwira dzanja, anamugwaditsanso, n'kumulowetsa chala m'dothi. Chinatuluka chofiira, chomata. Anandionetsa, poti anamuuza kuti atero.

"Lachiwiri," ndinatero.

"Lachiwiri ndikhala nditapita."

"Tithira."

Anabweza ndowa pamalo pake. Anakankha mtolo wa makatoni ndi phazi. "Nanga awa ndawanyamula ulendo wonsewu, ndibwerere nawo?"

Ndinadula chingwe. Makatoni anali abwino, okhuthala, opanda pulasitiki. Ndinawayala mozungulira kachulu, kusiya mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde, n'kuwaphimba ndi udzu. Amasunga chinyezi, ndipo udzu woipa sumera pansi pake. Anakwana ndendende, limodzi n'kutsala.

"Limenelo ndipatseni," anatero alamu. "Kwanga kulinso wodwala, mbande ija munaikana."